Mlandu wa Kaderno ya Inácia

M'chaka cha 1972 a Tarsisio Kamphambale adali atatsala pang'ono kukhala munthu. Ankatero eni ake. Adali ataphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi pa sikola ya misao, sukulu ya mishoni, kuseri kwa phiri la Domwe, ana makumi asanu ndi limodzi m'chipinda chimodzi cha udzu, ndipo tsopano kunkamveka kuti shefe wa ku positu, mkulu wa boma m'deralo, akangowalembera kalata yabwino, achoka pa umonitolo, uphunzitsi wopanda setifiketi, n'kukhala pulofesolo weniweni, mphunzitsi wodziwika ndi boma ku Vila Coutinho. Jekete lake, kazako wakuda wa mabatani atatu, adali atasoketsa kale. Ankamuvala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo kunyumba kwawo nkhuku zomwe ankazipirikitsa m'Chipwitikizi.

Munga wawo udali umodzi: Inácia, mwana wa mayi Berta, mlimi wa mbatata ya kachewere kudimba la kumunsi. Mtsikanayu adali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chimenecho chidali chaka chake chachitatu mu kalasi yachiwiri. Akadakhala wopusa, a Tarsisio akadamuika kumbuyo pamodzi ndi anzake ogona n'kumuiwala. Koma Inácia akamva nkhani ya m'Baibulo kamodzi, mawa lake ankaifotokoza bwino kuposa katekisita. Ankajambula ng'ombe mpaka mwini wake kuizindikira. Makutu ake ndiye musanene: kamyao, galimoto ya katundu, ikadali kuseri kwa chitunda, iye amakhala atanena kale ngati ndi ya mwenye wogulitsa pa kantina kapena ya asilikali.

Kungomupatsa lapizi yolembera, zonse zinkabalalika. Pofunika p ankalemba b, pofunika v ankalemba f, mawu ena ankawayambira pakati, ena ankawasiya opanda mchira. Ngakhale pakamwa mawu aatali ankamupotokera. Chipatala ankati chitapala. Aphunzitsi ake, zaka zitatu zonsezo, ankawatcha a Kambamphale, ndipo iwo ankakhulupirira kuti n'chipongwe. Mbalamatodya, kathabwa kabowobowo komenyera m'manja, idamudziwa Inácia kuposa mwana wina aliyense, koma palibe chidasintha kupatula manjawo.

Uthenga utafika woti shefe abwera Lachinayi kudzaona sikola, a Tarsisio adasesetsa bwalo, adapakitsa njereza pamiyala yonse mpaka ya kuchimbudzi, ndipo Lachitatu adalembetsa ana ditado, iwo kutchula ana kulemba, ziganizo zitatu zokoma kumakutu a boma. Lachinayi m'mawa adapatsa Inácia ndowa namutuma kuchitsime cha kutali.

"Ndipo usathamange," adamuuza. "Ungakhuthule madzi."

Shefe adafika pa jipi pamodzi ndi Salvador, sipayi wamkulu, wapolisi wa ku positu amene ankamumasulira. Adali mzungu wamfupi, wathukuta, amene chiyambire kumveka kuti ankhondo a m'tchire ayandikira, ankaona mdani ngakhale m'chitsa. Ankadzitama kuti pa zaka khumi ndi chimodzi zimene adakhala pakati pa anthu akuda, chilankhulo chawo adachimva chonse, kungoti sankafuna kudetsa nacho pakamwa.

Ana adaimba. Adatchula mitsinje ya ku Portugal kuyambira kumpoto mpaka kummwera, ngati kuti amasamba komweko. Shefe adagwedeza mutu mokhutira. Kenaka adapita pamulu wa makaderno, mabuku olembamo ana, natola imodzi ya chikuto chokongola, chojambulidwa maluwa ndi mbalame. A Tarsisio adaizindikira: idali ya Inácia. Mwini wake adamubisa, koma kaderno adaiiwala.

Ditado ija idali yotere: Eu amo a minha Pátria. A Pátria é a nossa mãe. Darei a vida pela Pátria. Ndiko kuti, ndimakonda dziko langa, dziko ndi mayi wathu, ndidzafera dziko. Koma paliponse pamene pankayenera kukhala Pátria, Inácia adalembapo batata, zilembo zazikulu zooneka bwino. Choncho shefe adaima kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi limodzi n'kuwerenga mokweza kuti amakonda mbatata yake, kuti mbatata ndi mayi wathu, ndiponso kuti adzafera mbatata.

Kumbuyo mwana wina adalephera kugwira phwete. Salvador adaluma mlomo nayang'ana kudenga.

"Kamodzi n'kulakwitsa," adatero shefe m'Chipwitikizi, nkhope ili psuu. "Katatu ndi ndale. Taona, mawu ena onse walakwitsa, koma ili lokha walemba bwino. Mbatata yanu kuno imapita kuti?"

"Ina ku Tete, ina ku Dedza, Senyoro Shefe," adayankha a Tarsisio.

"Ku Dedza! Kunja kwa dziko! Nanga bomba la m'manja limaoneka ngati chiyani?"

A Tarsisio adali asanaonepo bomba la m'manja chibadwire, koma adavomera kuti limaoneka ngati mbatata.

Shefe adapinda kaderno ija naiika m'thumba la malaya. Adalamula kuti mphunzitsi, mwana ndi mayi wake akaonekere ku positu Lolemba m'mawa.

Kuyambira tsiku lomwelo asipayi adatchinga msewu wa kumalire. Aliyense wokankha njinga ya mbatata ankamutsitsa, kukhuthula matumba pansi n'kumabaya mbatata imodziimodzi ndi mipeni ya kumfuti. Zazikuluzikulu ankazitenga kuti akazifufuze bwino, ndipo fungo la kufufuzako linkamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Anthu pokumana ndi a Tarsisio sankaperekanso moni.

"Aphunzitsi, mwawaphunzitsa chiyani ana kuti mbatata yathu imangidwe?"

Loweruka masana a Tarsisio adaitana Inácia pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa sikola. Adatenga mbalamatodya, koma ataona m'mene mwanayo adatambasulira kale manja asanauzidwe, adaiika pansi. Adavula kazako namukoloweka panthambi. Kenaka adachita chinthu chimene mwana akachita pabwalo limenelo ankalandira zikwapu zitatu dzanja lililonse: adalankhula Chinyanja.

"Iwe, tanena Pátria."

"Batri... patita... batata."

"Kodi sukumva?"

"Ndikumva, aphunzitsi. Likamatuluka pakamwa panu ndimalimva. Koma ndikati ndiligwire, lapita kale, patsala chinthu chofanana nalo. Ndiye ndidati mwina ndi batata, poti limenelo ndimalidziwa. Lidalembedwa pamatumba onse a amayi."

"Umaliwerenga?"

"Ndimalidziwa nkhope, ngati m'mene ndimadziwira nkhope yanu."

A Tarsisio adaganiza zomuyesa m'chilankhulo chimene adayamwa. "Tamvera. Nyemba. Ukachotsapo nye, patsala chiyani?"

Inácia adaganiza ndithu, maso ali pansi. "Pa nyemba amachotsa makoko, aphunzitsi."

"Sindikunena nyemba zakudya! Liwulo! Lili ndi tizidutswa tingati?"

"Muli tizidutswa?"

Adafunsa modabwa zenizeni, ngati munthu amene wauzidwa kuti mumwala muli zipinda. A Tarsisio adayesa masewera ena amene ana a kalasi yoyamba ankapambana akuseka. "Mbale, kale, dzulo. Awiri akumveka mofanana. Losiyana ndi liti?"

"Mbale."

"Chifukwa?"

"Enawo ndi nthawi yapita."

Aphunzitsi adatsegula pakamwa kuti akalipe, koma adaona kuti yankholo lidali la munthu wanzeru. Adakhala pansi padothi, buluku lawo labwino lomwelo. Mwanayu ankamva tanthauzo la liwu msanga kuposa anzake onse, koma phokoso lake linkamufika lathunthu, losagawika, ndipo maphokoso oyandikana ankalowana. Mawu kwa iye ankabwera ngati madzi a mumtsinje, ndipo iwo zaka zitatu ankamumenya kuti aloze pamene madzi ena athera ndi pamene ena ayambira. Adayang'ana mbalamatodya ili gone paudzu.

Adatola timiyala tiwiri. "Taona. Nye." Adaika kamwala. "Mba." Adaika kena. Adamuuza kuti aombe m'manja pa kamwala kalikonse. Adachita chimodzimodzi ndi chimanga, ndi chipatala, timiyala tinayi pamzere, chala chikuyenda pang'onopang'ono. Kenaka adagwira dzanja la mwanayo naliika pakhosi pawo.

"Pa. Ba. Pa. Ba. Ukumva chiyani?"

"Linalo likuyamba kunjenjemera msanga."

"Limenelo ndiye b. Tsopano ika dzanja kutsogolo kwa pakamwa pako. Nena pala. Nena phala."

Inácia adanena, nanenanso, maso adakula. "Ili lili ndi mphepo!"

Sipadachitike chozizwitsa. Pofika nthawi yotsekera mbuzi, pa mawu khumi ankalondola asanu ndi limodzi, ndipo Pátria lidali likumuthawabe. Koma adabwerera kwawo akulankhula yekha, dzanja lili pakhosi.

Lolemba adanyamuka atatu mame asanaume. A Tarsisio adali atakonza kale zokanena: mwanayu ndi chitsiru chobadwa nacho, iwo ayesetsa, boma liwakhululukire. Mayi Berta, mayi wamtali wa mapazi ong'aluka, ankayenda patsogolo osacheuka. Atafika pamlatho wa mitengo adaima.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mukukanena kuti mwana wanga ndi chitsiru."

"Mayi, ndi njira yokhayo yoti tonse tibwerere kwathu."

"Chabwino. Mukatero, ine ndikanena kuti za batatazo mudamuuza ndinu, ndiponso kuti mumabwera kudimba kudzalankhula ndi mbatata m'Chipwitikizi. Mzunguyo akhulupirira."

A Tarsisio adadziwa kuti akhulupiriradi.

Ku positu adawakhazika pakhonde mpaka dzuwa lidafika paliwombo. Atawalowetsa, adapeza shefe ali kuseri kwa makina olembera, kaderno ija ili patebulo ngati mfuti yolandidwa.

"Mfunse mwanayo," adauza Salvador. "Adamuphunzitsa liwu limeneli ndani?"

Salvador adafunsa, Inácia adayankha mwaulemu, manja ali kumbuyo: "Thumba."

Salvador asanamasulire, shefe adakweza dzanja. "Ndamva ndekha! Tumba." Adagogoda dzinalo pamakina. "Amakhala kuti Tumba ameneyu?"

Salvador sadamuwongole. Zaka zambiri za ntchito zidamuphunzitsa kuti mzungu amene wamva yekha sawongoledwa. Adatembenukira kwa mwanayo. "Akuti limakhala kuti thumbalo?"

"Kuseri kwa nyumba. Mvula ikamagwa timalilowetsa m'nyumba."

Salvador adamasulira ndendende, ndipo popeza Chipwitikizi sichisiyanitsa munthu ndi thumba polankhula za iye, makina adapitiriza kulira.

"Amapita ku Dedza?"

"Sabata iliyonse, panjinga."

"Amanyamula chiyani?"

"Popita limadzaza. Pobwera mulibe kanthu."

"Alipo yekha?"

"Alipo ambiri. Ena ndi obooka."

"Ovulala," adanong'ona shefe, akulemba mwachangu.

Apa a Tarsisio adalephera kupirira. Adaona kuti dzuwa lisanalowe munthu wina wosalakwa akhala atamangidwa chifukwa cha dzina longofanana. Adapita patsogolo.

"Senyoro Shefe, pepani. Thumba ndi saku, chotengera mbatata."

"Ndikudziwa," adayankha shefe osadzutsa mutu. "Ndi dzina la kunkhondo. Onse amatero."

"Senyoro Shefe, mwanayu si wandale. Si chitsirunso ayi." Adamva mayi Berta akupuma kumbuyo kwawo. "Komanso si gonthi. Amamva liwu lonse pamodzi, koma sangaligawe m'tizidutswa monga achitira ana ena, ndipo maphokoso oyandikana, monga p ndi b, amamusokonekera. Akamva liwu lachilendo amagwira limene akulidziwa loyandikana nalo. Amatero ngakhale m'chilankhulo chathu. Ine ndazindikira dzana, nditamumenya zaka zitatu."

Aka kadali koyamba kuti a Tarsisio alankhule Chipwitikizi osasamala kukoma kwake, ndipo adalakwitsa mawu awiri.

"Zamkutu!" adatero shefe. "Munthu wa makutu awiri sangasokoneze p ndi b."

Mayi Berta adafunsa Salvador kuti mzunguyo wati chiyani. Atauzidwa, adagwada bwinobwino nawomba m'manja.

"Auzeni a shefe kuti ine ndine mbuli, ndiye poti iwo chilankhulo chathu amachimva chonse, andithandize. Kola. Khola. Ng'ombe zimagona muti?"

Salvador adawapempha ndi maso kuti asiye, koma shefe adali atamva kale kuti akutamandidwa. Adatsamira kumpando. "Anenenso."

"Kola. Khola."

"N'limodzimodzi."

"Kama. Khama. Munthu amagona pati?"

Shefe adapendeketsa khutu, nkhope idayamba kufiira kuyambira m'khosi. "Anthu inu muli ndi liwu limodzi, mumangolinena kawiri kuti munamize boma!"

Inácia adamumvera chisoni mzunguyo. Nkhope yoteroyo ankaidziwa, idali yake yomwe tsiku lililonse la ditado. Adasendera kutebulo.

"Musadandaule, a shefe, ngakhale ine zimandivuta. Ikani dzanja pakamwa chonchi. Linalo lili ndi mphepo."

Mwina chidali chifukwa chakuti palibe mwana adalankhulapo naye chotero, koma shefe adakweza dzanja. "Kola," adatero. "Kola. K-hola." Kachitatu mpweya udamugunda pachikhatho. Kwa kanthawi kochepa nkhope yake idawala ngati ya mwana wa kalasi yoyamba. Kenaka adaona anthu akuda anayi akumuyang'ana, dzanja lili pakamwa. Adalitsitsa, namenya patebulo, nawathamangitsira onse pakhonde.

Chimene chidavuta n'chakuti kalata yoyamba idali itapita kale ku Vila Lachisanu, yonena kuti gulu loopsa lotchedwa Batata lapezeka m'dera lake. Kalata yotero sibwezedwa. Choncho yachiwiri idanena kuti gululo laphwanyidwa popanda kuwomba mfuti, ndipo mtsogoleri wake, Tumba, wathawira ku Malawi pamodzi ndi anzake ovulala. Mayi Berta adalamulidwa kubweretsa matumba awiri a mbatata ngati umboni, ndipo umboniwo udathera kukhitchini kwa shefe. Inácia adalamulidwa kulemba Pátria kokwana mazana asanu. Za mphunzitsi, kalatayo idati ndi munthu wosasamala, wa Chipwitikizi chokayikitsa, wolankhula chilankhulo cha kumudzi pabwalo la sikola, ndipo asakwezedwe. Patapita miyezi inayi, amene adakwezedwa adali shefe.

A Tarsisio adalira upulofesolo wawo sabata ziwiri, osadya bwino. Sabata yachitatu adatola timiyala todzaza chitini napita nato m'kalasi. Atayesa ana onse masewera aja a mbale, kale, dzulo, adapeza ena anayi onga Inácia, atatu mwa iwo ali m'gulu la ogona kumbuyo kuja. Ankatsala nawo masana anzawo akaweruka. Ankaomba m'manja, kugwirana pakhosi, kuyang'ana milomo pa kagalasi kometera ndevu, kulemba zilembo zazikulu padothi ndi chala akuzitchula. Ankayambira m'Chinyanja, kenaka n'kuwolokera ku Chipwitikizi. Anthu odutsa pamsewu ankati aphunzitsi adazungulira mutu chichokereni ku positu, moti tsopano akuombeza ndi miyala. Mbalamatodya idasanduka chotsekera zenera kuti lisamenyedwe ndi mphepo.

Inácia adalowa kalasi yachitatu chaka chotsatira. Mayeso a boma adalephera kawiri, chifukwa ditado yake inkalola zolakwa zochepa, ndipo iye zolakwa adali nazo zokwanira kugawira kalasi yonse. Koma ankawerenga, chala chili pansi pa liwu, milomo ikuyenda, kuima, kubwerera, kupitiriza.

Ufulu utafika mu 1975, anyamata a boma latsopano adatsegula makabati a ku positu napeza makalata awiri aja. Adabwera kumudzi ndi mbendera kudzafunsa za Kamarada Tumba, ngwazi imene idazunguza atsamunda ndi mbatata, kuti alandire ulemu wake. A Tarsisio adayesa kufotokoza, koma mtsogoleri wa anyamatawo adawayang'ana kazako nawafunsa ngati akufuna kufafaniza mbiri ya anthu. Pofika madzulo amuna atatu adali atadzipereka kuti Tumba ndi iwo, mmodzi akutsimphina kuti aonetse pamene adavulala. Mayi Berta adafunsidwa kuti aloze weniweni, popeza Tumba ankagona kuseri kwa nyumba yawo. Adayang'ana atatuwo nati onse akufanana naye, makamaka pamimba.

Chaka chomwecho Inácia adamaliza buku lake loyamba, kabuku ka masamba makumi atatu ka kawetedwe ka nkhumba, kamene a Tarsisio adapempha kwa bambo mfumu ku misao. Adakayamba chimanga chikumera, adakamaliza anthu akukolola. Pobweza adakaika patebulo la aphunzitsi mosamala, atakakuta ndi pepala.

"Wamva zonse?" adafunsa a Tarsisio.

"Ndamva, aphunzitsi. Koma amene adalembayu sadawetepo nkhumba. Akuti tizisambitsa kawiri pa sabata. Muli ndi lina?"

A Tarsisio adalibe lina. Mawa lake adabwereka njinga napita ku Ulongwe kukafunafuna.